Kachere Sadzalidwa ndi Nduna

Chaka chilichonse, ikangokwana 15 Disembala, mafoni athu amadzaza ndi zithunzi za mtundu umodzi. Bwana wavala tisheti yatsopano pamwamba pa shati ya kolala, wagwada bondo limodzi pa kasaka kuti buluku lisade, m'manja muli kambande, kumbuyo kwake amayi akuimba. M'munsi mwa chithunzicho alemba nambala: chaka chino tidzala mitengo mamiliyoni akutiakuti. Ife timadina kamtima n'kupitirira. Pa 15 Epulo nyengo yodzala mitengo imatsekedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Funso limene ndimalakalaka mtolankhani atafunsa pamwambo wotere ndi lalifupi: bwana, kamtengo mwagwirako dzina lake ndi chiyani?

Si chipongwe ayi. Ndikufunsa chifukwa mawu oti "mitengo" asanduka thumba loponyamo chilichonse. Bulugamu ndi mtengo, paini ndi mtengo, malaina ndi mtengo, kachere wamkulu wa m'phiri la Ntchisi nayenso ndi mtengo. Ukamawerenga motero, kudula umodzi n'kudzala khumi ndi phindu, ndipo lipoti limaoneka bwino. Koma pitani kwa mlimi aliyense kwathu kuno ku Nachisaka, mumutengere ng'ombe yake mumupatse anapiye khumi, mumuuze kuti zonse ndi ziweto. Mudzandiuze mmene mudzachokere pakhomopo.

Ndiye lero ndikufuna tikambe za mtengo umodzi wokha, kachere. Dzina lake tonse timalidziwa. Ku Blantyre kuli dera la Kachere, ku Lilongwe kuli ndende ya Kachere, mabuku ambiri a mbiri ya mipingo ndi chikhalidwe chathu anatuluka ku Zomba pansi pa dzina la Kachere. Ku Mtunthama ku Kasungu mpaka lero amakuonetsa kachere amene amati Kamuzu anaphunzirirapo ali mwana. Milandu ya m'midzi yambiri yagamulidwa pamthunzi wake. Koma tengani anzanga khumi a madigiri, muwaimike pakati pa kachere ndi mkuyu, muwafunse kuti uwu ndi uti. Ambiri atulutsa foni.

Chonsecho kusiyanitsa kwake sikufuna bandulo. Mkuyu umakonda m'mphepete mwa mitsinje ndi m'madambo. Khungwa lake limaoneka lachikasu mombuwirira, masamba ake ndi ozungulirirapo ndipo ukawasisita ndi chala amakhakhala. Nkhuyu zake ndi zikuluzikulu, zimabala m'magulu pa tinthambi totuluka pathunthu ndi pa nthambi zazikulu. Mtengo wa ku Nkhotakota uja, umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860, ndi mkuyu. Kachere ndi m'bale wake koma maonekedwe ndi ena. Masamba ndi ang'onoang'ono, osalala, obiriwira moderapo ndipo amanyezimira. Khungwa ndi lotuwa. Tizipatso take ndi tating'ono ngati nzama, ndipo timamatirira kunsonga za nthambi, pamene tsamba lalumikizana ndi kanthambi. Ukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka, womata, umene anyamata akale ankapangira ulimbo wotchera mbalame. Chizindikiro chachikulu ndi mizu: imalendewera kuchokera m'mwamba ngati zingwe, ina imatsika mokwawa pathunthu n'kulukana. Akatswiri a zomera amaika kachere m'gulu la Ficus thonningii ndi abale ake apafupi, ndipo iwo okhaokha amatsutsana kuti malire a mtundu wina ndi unzake ali pati. Zimenezo tiwasiyire. Ife chathu n'chakuti tikaona mizu yolukana, masamba osalala ndi tizipatso ta kunsonga, tidziwe amene taima naye.

Kumudzi kachere timamuona ataima yekha pabwalo, ndiye timaganiza kuti anayambira pansi ngati mitengo ina. M'nkhalango ya pamwamba pa phiri la Ntchisi ndi mmene umaona khalidwe lake lenileni. Mmenemo pansi ndi pamdima, mitengo italiitali yatseka dzuwa, ndipo kambewu kakang'ono ngati ka kachere sikangapikisane ndi anzake padothi. Ndiye amayambira m'mwamba. Mbalame kapena mleme wadya chipatso, wakatera pa mtengo wina, wasiya chitosi pamphanda pamene pasonkhana masamba owola ndi chinyezi. Kambewu kamamera pomwepo, mamita ambirimbiri kuchokera pansi, pafupi ndi dzuwa. Kwa zaka kamangokhala kachitsamba kopanda ulemu, kakudalira mvula ndi nkhungu, uku kakutsitsa mizu yopyapyala. Tsiku limene muzu woyamba wagunda dothi zinthu zimasintha. Mizu imanenepa, imakumana n'kumamatirana, mpaka mtengo umene unamulandira uja wazingidwa ngati uli mu dengu. M'mwamba masamba a kachere amaphimba a mwini malo. Pamapeto pake, patapita zaka makumimakumi, mtengo wa mkati uja umatha kufa n'kuwola, kachere n'kutsala ataima ndi mphako yaikulu pakati, yoti nthawi zina munthu amalowamo n'kuyang'ana kumwamba.

Pali ena akamva zimenezi amafulumira kugamula kuti kachere ndi mfiti ya mitengo, wofunika nkhwangwa. Pang'onopang'ono abale. Kachere sayamwa madzi kapena chakudya m'thupi la mnzakeyo, amangomukwera kuti afike padzuwa. Ndipo mphako imene imatsalayo ndi nyumba ya njuchi, mileme, akadzidzi ndi agologolo. Nkhalango yakhala ikuyenda chonchi anthu asanayambe kusula nkhwangwa, ndipo siinathe.

Pakati pa mitengo italiitali ya m'nkhalango imeneyi pali wina woongoka ngati mzati, wa mizu yotambalala patsinde ngati matabwa oimika, masamba ake anthete ali ndi ubweya wofiirira kunsi. Nawonso umatuluka utomoni woyera, choncho utomoni wokha usakupusitseni kuti mwapeza kachere. Umapezeka m'mapiri kuyambira ku Ethiopia, kudutsa Kenya ndi Congo, mpaka kwathu kuno. M'mabuku dzina lake ndi Aningeria adolfi-friedericii, ena amalemba Pouteria. Adolf Friedrich ameneyo anali mwana wa banja lachifumu la ku Mecklenburg ku Germany, amene anatsogolera ulendo wofufuza pakati pa Africa mu 1907 ndi 1908, kenako n'kukhala bwanamkubwa wa atsamunda ku Togo. Taganizani, mtengo wa m'phiri mwathu ukuyenda dziko lonse ndi dzina la mzungu wa ku Germany, pamene ana a sukulu a m'munsi mwa phirimo akuloweza zigawo za duwa la pa bolodi. Buku lalikulu lofotokoza mitengo ya m'nkhalango zoterezi, Evergreen Forest Flora of Malawi, lolembedwa ndi Frank White, Françoise Dowsett-Lemaire ndi Jim Chapman, linatuluka mu 2001 ku Kew, ku England. Ntchito yabwino zedi, ndipo tiwathokoze. Koma zaka zoposa makumi awiri zadutsa, nanga la m'Chichewa, loti mwana wa Sitandade 6 n'kulowa nalo m'thengo, tikudikira kuti alembe ndani?

Tibwerere kwa kachere, chifukwa mbali imene imandisangalatsa kwambiri sindinaifike. Munayamba mwaonapo duwa la kachere kapena la mkuyu? Simunalione, chifukwa maluwa ake ali mkati mwa chipatso. Chimene timachitcha nkhuyu ndi kathumba kotsekeka, ndipo kukhoma la mkati mwake kwandandalika timaluwa tambirimbiri. Njuchi singalowemo, mphepo singafikemo. Khomo ndi limodzi, kabowo kothina ka kunsonga, ndipo amene amakwanapo ndi kachilombo kamodzi kokha, ka mtundu wa mavu, kochepa ngati kanjere ka chitowe.

Makolo anati chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwo ndi wabwino pochenjeza mnyamata amene watengeka ndi nkhope. Koma pa nkhani ya mtengo weniweniwo, tizilombo tambiri timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu si nyerere ayi. Ndi timavu timeneti, ndipo popanda ito sipakanakhala mkuyu kapena kachere wobereka mbewu.

Zimayenda chonchi. Kakakazi kamafika katanyamula mungu kuchokera ku mtengo umene kanabadwira. Kamadzipanikiza pakabowo paja, ndipo pothina pake kawirikawiri mapiko amathothoka, moti kakalowa kalowa. Mkatimo kamaikira mazira m'timaluwa tina, uku kakupaka mungu pa tina, kenako kamafera momwemo. Timaluwa tolandira mungu timasanduka mbewu, toikiridwa mazira timalera ana. Patapita milungu ingapo tatimuna timayamba kutuluka, topanda mapiko, ndipo dzuwa sitidzalidziwa. Ntchito yake ndi iwiri: kukwera tatikazi tisanatuluke n'komwe m'zikuto zake, ndi kuboola njira yotulukira panja. Tikatero timafa. Tatikazi timatenga mungu, timatuluka pabowo lija n'kuuluka kukasaka mtengo wina umene zipatso zake zafika msinkhu woti n'kulowamo. Nthawi imene tili nayo ndi tsiku limodzi kapena awiri. Tikachoka m'pamene chipatso chimapsa, kufewa, n'kuitana mbalame.

Padziko lonse pali mitundu ya mikuyu yoposa 750, ndipo pafupifupi uliwonse uli ndi timavu takentake. Ta mkuyu sitigwira ntchito pa kachere. Ubale umenewu wakhalapo zaka zoposa mamiliyoni 60. Ndiye taonani chimene chimatuluka pamenepa. Poti timavuti sitikhalitsa, payenera kukhala mtengo wina wokonzeka kutilandira nthawi ina iliyonse pachaka, apo ayi mbadwo wake uthera panjira. N'chifukwa chake akachere sabereka onse pamodzi ngati mango kapena masuku. Uyu akupsa, uyo akuyamba kumene, winayo alibe kanthu. Zotsatira zake n'zakuti m'nkhalango muli zipatso za kachere ngakhale m'miyezi imene mitengo ina yonse yauma manja. Nchima, apusi, achanga, mileme, apumbwa, ankulukulu, onse amathamangira pamenepo. Ofufuza anawerengapo mitundu ya mbalame ndi nyama yoposa 1,200 padziko lonse imene imadya nkhuyu. Ndipo nyama zomwezo, zikakhuta, ndi zimene zimamwaza mbewu za mitengo ina m'nkhalango monse. Kachere ndi nkhokwe ya m'nyengo ya njala. Ukagwetsa nkhokwe usadabwe anthu akasamuka pamudzi.

Wina anena kuti timavu timauluka patali. N'zoona, mphepo imatinyamula. Ku Namibia, m'mphepete mwa mtsinje wa Ugab, anapeza kuti mungu wa mkuyu unayenda makilomita 160. Koma kumapeto kwa ulendowo payenera kukhala mtengo, wa mtundu woyenera, pa sabata yoyenera. Tikamachepetsa mitengo ikuluikulu mmodzimmodzi, uyu wa pabwalo, uyo wa pamtsinje, winayo wa kumunda, tikutalikitsa ulendo wa kachilombo ka moyo wa masiku awiri.

Winanso anena kuti iwe mwana, kachere amadzalika, ungodula nthambi n'kuzika nthawi ya mvula, waphuka. Zoonanso, ndipo akachere ambiri a m'mabwalo mwathu anabwera motero. Dzalani ndithu, ine ndiombera m'manja. Koma nthambi yozika ndi mtengo womwewo umene mwaudula, mwangousamutsa. Kachere watsopano, wochokera kumbewu, amafuna kamavu, amafuna mbalame, amafuna mtengo wautali woti ateremo ndi nkhungu yoti imunyowetse akadali khanda. Zinthu zinayi zimenezi sizikwana mu chubu cha ku nazale. Mungathe kugula mbande, koma nkhalango ya Ntchisi ilibe sitolo.

Ndipo nkhalango imeneyi ndi yochepa kuposa mmene ambiri amaganizira. Dera lotetezedwa ndi lalikulu ndithu, koma mbali yaikulu ndi thengo la mombo, tsamba ndi masuku. Nkhalango yobiriwira chaka chonse ija ndi kachipewa chabe pamwamba pa phiri, pamene mphepo yochokera kunyanja imasiya chinyezi. Ndi mmenemo Achewa ankabisala nkhondo za Angoni m'zaka za m'ma 1800. Inabisa makolo athu. Lero tikuikwera kuchokera m'munsi ndi moto wa osaka mbewa, macheka ndi mauvuni a makala.

Pano ndisanamizire kuti sindidziwa kumene nsima imachokera. Mabanja oposa 90 pa 100 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Dowa ndi dera la fodya, ndipo chigafa chimafuna mitengo chaka ndi chaka. Amene amawotcha makala si chilombo, ndi bambo amene akusaka fizi, ndipo thumba lakelo limakathera m'khitchini mwa ife tomwe a ku Area 25 ndi Kawale, amene timalemba zoteteza chilengedwe pa Facebook nyemba zili pambaula. Choncho bulugamu ali ndi malo ake. Amakula msanga, amapereka milimo ndi nkhuni, ndipo munda uliwonse wa bulugamu ungathe kupulumutsa mitengo ya m'phiri. Mkangano wanga suli ndi bulugamu. Uli ndi amene amadzala bulugamu wa ku Australia, paini wa ku Mexico ndi malaina a ku Asia, n'kulemba kuti abwezeretsa nkhalango. Umenewo ndi munda wa mitengo, monga ulili munda wa chimanga. Lowani pansi pa paini ku Chikangawa mutchere khutu, kenako mukalowe m'nkhalango ya Ntchisi m'mamawa. Makutu anu akuuzani kusiyana kwake.

Ndinaonapo ndi maso anga pasukulu ina imene sinditchula. Kunabwera pulojekiti ya mitengo, ndipo malo amene anasankha panali kachere amene ana ankadyerapo phala. Anati mthunzi wake upha mbande, mizu yake iwononga maziko a chimbudzi chimene chinali chisanamangidwe n'komwe. Anamugwetsa, nkhuni zake zinaphikira alendo a tsiku lotsegulira, pamalopo anadzala mizere ya bulugamu. Pofika Okutobala, mbuzi ndi chiswe zinali zitagawana. M'lipoti, sukulu imeneyo inadzala mitengo mazana. Kachere uja sanalembedwe paliponse, chifukwa fomu inalibe mzere wa mitengo yodulidwa.

Mu 2016 dziko lathu linalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo owonongeka pofika 2030. Lamulo la nkhalango la 1997 analikhwimitsa mu 2020, zilango zinakwera. Mapepala tili nawo. Koma onani zimene zinachitikira mkungudza wa ku Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Pofika 2017, owerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse. Zaka zonsezo tinkadzala "mitengo" Januwale aliyense, manambala akukwera, pamene mtengo umodzi wokhala ndi dzina, umene kwawo kwenikweni ndi phiri limenelo basi, unkatsika pamitu ya anthu thabwa limodzilimodzi.

Ife ophunzira tili ndi mlandu wathu pa nkhaniyi. Tinapita ku koleji, tinabwera ndi mawu akuluakulu a kusintha kwa nyengo, timadziwa kulemba pempho la ndalama m'Chingerezi chosalala. Koma agogo amene sanapite patali ndi sukulu akakutenga m'thengo amakutchulira mtengo uliwonse, kuti uwu khungwa lake ankasula chiwondo, uwu sawotcha m'nyumba, uwu ukaphuka ndiye kuti mvula yayandikira, uwu umamera pamene pansi pali madzi. Timawatcha osaphunzira, kenako timajambula tsamba pafoni kuti pulogalamu yopangidwa kutsidya kwa nyanja itiuze dzina, n'kutipatsa mtengo wa ku Brazil. Agogo amenewa akutha, ndipo maliro alionse akupita ndi mayina amene sitinawalembe. Foni yomweyo imajambula mawu. Kukhala nawo pansi masana amodzi, kuwafunsa, kusunga dzina, chithunzi cha tsamba, khungwa ndi chipatso, sikufuna alawansi.

Kwa amene amayendetsa nyengo yodzala mitengo, pempho langa ndi loti manambala anu akhale ndi mayina. Musatiuze mamiliyoni, tiuzeni kuti mbawa zingati, nsangu zingati, mitondo ingati, bulugamu angati, ndipo mubwerenso mu Okutobala mutiuze zatsala zingati. Pafomu muonjezere mzere wa mitengo ikuluikulu imene mwaipeza ili chiimire, kuti mfumu imene yasunga akachere asanu a m'mudzi mwake iyamikiridwe kuposa imene yalandira machubu zikwi ziwiri. Ndalama zogulira matisheti ndi mafuta a magalimoto a mwambo wotsegulira zikanalipira alonda a nkhalango ndi olambula njira zotchinga moto m'mphepete mwa Ntchisi, Kongwe ndi mapiri a Dowa. Ndipo alimi ambiri kuno ayamba kale njira yotchipa kuposa zonse: kusiya zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukire m'munda, n'kumangotengulira. Mombo wodulidwa umaphukanso wokha ukautchinjiriza ku moto ndi mbuzi. Vuto lake n'lakuti chitsa chophukira sichioneka bwino pachithunzi, ndipo palibe riboni yodula.

Mukafuna umboni woti kusiya kumaposa kudzala, simufunika kukwera phiri. Yendani pamsewu uliwonse wa ku Dowa kapena Ntchisi m'chilimwe, muyang'ane uku ndi uku. Minda yayera mbee, mapiri ameta mpala, koma apa ndi apo pali kachitsamba kakuda bii ka mitengo italiitali. Amenewo ndi manda. Palibe pulojekiti inafikapo, palibe anapita ndi mbande. Mwambo unangoti pano nkhwangwa isalowe popanda chilolezo cha mfumu, ndipo anthu anamvera. Mmenemo ndi mmene mwatsala mitengo imene m'minda inatha kalekale, ndipo mukaima chapatali madzulo, mwaulemu wake, mudzaona mileme ikutuluka kulowera kumene kachere wapsa sabata imeneyo.